Tagula matailosi, akatekisiti akuyenda wapansi

Mwezi watha ndinapita kwathu ku Karonga kukaika maliro a azakhali anga. Ndinatsika minibasi pa boma dzuwa lili paliwombo, kutentha kuja kwa ku Karonga kumene kumakudanitsa ndi malaya ako omwe, ndipo ndinakwera njinga ya kago mpaka kumudzi. Mwambo wa maliro anatsogolera ndi akatekisiti athu, bambo achikulire amene anandiphunzitsa katekisimu ndili mwana. Ansembe sanabwere. Njinga yamoto ya parishi inalibe mafuta, komanso tsiku lomwelo kunali maliro ena kunthambi ina yakutali. Palibe amene anadabwa nazo, ndi mmene zimakhalira. Ine chimene chinandigwira mtima ndi fumbi limene linali pa mapazi a akatekisitiwo, lofika mpaka m'mawondo a thalauza. Nditawapatsa moni ndinafunsa kuti, "Bambo, nanga njinga ija ili kuti?" Anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Mwana wanga, tayala lakumbuyo linatha kalekale." Anabwera wapansi, ulendo wa maola awiri, buku la mapemphero lili m'jumbo.

Lamulungu lotsatira ndinalowa m'tchalitchi chathu cha Anglican, chimene ndinabatizidwiramo. Aise, ndinachita kukayika ngati ndasochera. Pansi ponse matailosi onyezimira. Kutsogolo masipika awiri aatali ngati munthu, kiyibodi yatsopano, nsalu zokongoletsa kuyambira pa guwa mpaka pakhomo. Nthawi ya zolengeza, a wadeni anawerenga mayina a anthu amene anathandiza pa ntchito ya matailosi, ndipo langa linatchulidwa nawo chifukwa chaka chatha ndinatumizako kenakake pa foni. Anthu anawomba m'manja. Akatekisiti nawonso anawomba, atakhala pa benchi lawo la pambali, nsapato zawo zija atazipukuta bwinobwino.

Ndiye lero ndilankhula, amene akwiye akwiye. Ife akhristu a m'maparishi ang'onoang'ono ngati yathuyi timawadyera masuku pamutu anthu amene amasenza mpingo kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Ndalama zathu zimathamangira zinthu zooneka bwino pa chithunzi, pamene katekisiti, mayi wa Mothers' Union ndi wansembe wa njinga yopanda mafuta timawalipira ndi mawu akuti "Mulungu akudalitseni". Timati ndi kudzipereka kwawo. Kwa ine imeneyi ndi ngongole imene takana kubweza.

Kwa inu amene simudziwa mmene parishi ya kumudzi imayendera, tamvani. Wansembe amakhala mmodzi, koma matchalitchi amene amawayang'anira amakhala angapo, ena m'mphepete mwa nyanja, ena kumtunda kumene galimoto sifika nthawi ya dzinja. Misa amachititsa ndi wansembe yekha, choncho nthambi ina imamuona kamodzi pa mwezi, ina imadikira kuposa apo. Masabata ena onsewo, amene amatsegula chitseko, kuimba belu, kutsogolera mapemphero a m'mawa ndi kulalikira ndi katekisiti. Iyeyo ndi amene amaphunzitsa okonzekera ubatizo ndi ana okonzekera kusanjikidwa manja ndi bishopu. Banja likayambana usiku, amakagogoda pakhomo pake. Munthu akamwalira, foni yoyamba imapita kwa iye, ndipo kawirikawiri timangofulasha kuti iye ndiye aimbe ndi mayunitsi ake.

Ku Karonga ntchito imeneyi ili ndi zakezake. Buku limene timapempherera kwathu ndi la Chichewa, koma agogo amene akhala pa mphasa kutsogolo amamva Kyangonde, ena Chitumbuka. Akatekisiti athu amawerenga pemphero m'Chichewa, kulalikira m'Kyangonde, n'kutembenukira ku Chitumbuka akaona kuti alendo ochokera cha ku Chilumba akungoyang'ana. Munthu wa luso lotere akanakhala pa bungwe lina la chitukuko bwenzi akutchedwa womasulira, akulandira alawansi pa tsiku. Kwa ife ndi waulere. Kuwonjezera apo, iyenso ndi mlimi ngati wina aliyense, ndipo nthawi yowokera mpunga sidikira munthu. Maliro amodzi amadya masiku awiri kapena atatu. Akagwa awiri sabata imodzi madzi ali m'minda, munda wa katekisiti ndi umene umatsalira. Mitsinje ya North Rukuru, Lufilya ndi Songwe ikasefukira, iye amavula nsapato, kupinda thalauza, n'kuwoloka kukaona amene nyumba zawo zagwa. Pokolola, ife Kilombero wathu ali mbwee m'matumba, iye akuwerenga zitini.

Amayi a Mothers' Union ndiye musanene. Bungweli analiyambitsa ndi Mary Sumner ku England mu 1876, koma kwathu kuno ndi limene lasanduka msana wa parishi. Timawaona Lamulungu atavala yunifomu yawo ya buluu ndi yoyera, akuimba, n'kumati amayi athu atchena. Lachitatu akamapita kuchipatala ndi phala m'fulasiki, thiransipoti atalipira okha, sitikhalapo. Sitiwaona akuchapa nsalu za pa guwa ndi sopo wa m'nyumba mwawo, akutunga madzi pa maliro, akugona pansi m'nyumba ya siwa mausiku atatu, akusambitsa nkhalamba imene ana ake ali ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. Ana akewo ndi ife, amene tikuwerenga izi pa foni.

Wansembe naye tisamuiwale. Ansembe a Anglican amakwatira, ali ndi ana ofuna fizi ndi mayunifomu ngati makolo ena onse. Akalankhula za chopereka masabata awiri otsatizana, timayamba kunong'onezana kuti Abambo awa amakonda ndalama. Akakhala chete, njinga imaima, ndipo timanong'onezananso kuti Abambo awa ndi aulesi, sayendera akhristu. Nanga ayende bwanji? Njinga yamoto siyendera madzi odalitsidwa. Wodwala amene akufuna Mgonero ali makilomita ambiri kuchokera pa nyumba ya ansembe, ndipo pakati pa awiriwo pali malita a petulo amene wina ayenera kugula.

Tsopano taonani mmene parishi yomweyo imasinthira ikangomva kuti a bishopu akubwera. Ndalama zimene chaka chonse zinali zosowa zimatulukira. Makomiti amapangidwa, ya zakudya payokha, ya zokongoletsa payokha. Mbuzi imapezeka, matumba a mpunga amapezeka, mbalagha imaphikidwa m'mapoto akuluakulu, nsalu yofanana imasokedwa, tchalitchi chimapakidwa penti mbali yoyang'ana kumsewu. Musandimve molakwa, a bishopu sindikulimbana nawo. Dayosizi ya Northern Malawi ndi yaikulu, kuyambira pa chilumba cha Likoma, pamene pali tchalitchi chachikulu cha St Peter, mpaka ku Chitipa. Kuchokera ku Mzuzu kumene kuli likulu kudzafika ku Karonga ndi makilomita oposa 200, kutsika phiri la Chiweta. Munthu woyenda ulendo wotero kudzasanjika manja ana athu ayenera kulandiridwa bwino. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Galimoto ikangokhota, amayi amatsala ndi mapoto oti atsuke, ndipo amene anaphunzitsa ana aja miyezi yonseyo amabwerera kwawo wapansi, atangodya nawo mpunga wa tsikulo basi.

Chifukwa chake n'chiyani? Ine ndikuona kuti ndi manyazi. Ku Karonga a Anglican ndife ochepa. Sinodi ya Livingstonia ya CCAP inazika mizu kuno kalekale, Akatolika ali ndi dayosizi yawoyawo ya Karonga kuyambira 2010, ndipo mipingo ya chipentekoste ili ndi masipika omveka mpaka kumsika. Ndiye timaopa kuoneka osauka. Tikufuna wodutsa pamsewu anene kuti a Anglican nawonso aliko. Matailosi amaoneka kwa aliyense, tayala la njinga ndani angalione? Wopereka thumba la simenti dzina lake limawerengedwa kutsogolo, koma wogula malita awiri a petulo palibe womuwombera m'manja. Tinazolowera kupereka pamene pali maikolofoni.

Wina andiuza kuti, "Iwe, Anglican inayamba ndi kudzipereka, kawerenge mbiri." Chabwino, tiyeni tiiwerenge. Amishonale a UMCA anafika ku Magomero mu 1861 ndi Bishopu Charles Mackenzie, amene anamwalira chaka chotsatira. Atabwereranso kunyanja, anakhazikika pa Likoma mu 1885. William Percival Johnson ankazungulira midzi ya m'mphepete mwa nyanja pa sitima, poyamba Charles Janson, kenako Chauncy Maples imene inatsitsidwa m'madzi mu 1901. Sitima inkaima pa mudzi, wansembe n'kuchititsa Misa, n'kupitirira. Otsala pa mudzipo anali aphunzitsi achikuda, ambiri ophunzitsidwa ku St Michael's College, amene ankaphunzitsa ana sukulu ndi kutsogolera mapemphero. M'gulu la antchito achikuda a mishoni imeneyi ndi mmene munatuluka Leonard Kamungu, amene anadzozedwa unsembe mu 1909, napita kukagwira ntchito ku Msoro m'dziko limene lero ndi Zambia, n'kumwalirira komweko mu 1913. Lero sukulu yophunzitsa ansembe ku Zomba ili ndi dzina lake.

Choncho zakuti wansembe azidutsa mwa apo ndi apo, munthu wamba n'kutsala akugwira mpingo, sizinayambe dzulo. Koma pali kanthu kamene timakonda kuiwala. Aphunzitsi ajawo mishoni inkawalipira. Malipiro anali ochepa, inde, koma analipo, ochokera m'zopereka za akhristu a ku England. Pamene mpingo unayamba kubwera m'manja mwathu, Josiah Mtekateka atakhala Mmalawi woyamba kudzozedwa ubishopu mu 1965, kenako kumpoto kuno titakhala ndi dayosizi yathuyathu mu 1995, udindo wosamala antchito unagweranso ife. Zovala za pa guwa tinalandira, lubani tinalandira, chikondi cha nyumba zikuluzikulu ngati ya pa Likoma tinalandira. Buku la malipiro lokha ndi limene tinalisiya pa doko.

"Koma ntchito ya Mulungu salipira, mphotho ili kumwamba." Mawu amenewa ndawamva kuyambira ndili mwana, ndipo kawirikawiri amatuluka pakamwa pa munthu amene ali ndi malipiro ake pa mwezi. Mmisiri amene anayala matailosi aja tinamuuza kuti mphotho yake ili kumwamba? Wogulitsa kiyibodi anavomera kulandira madalitso? Tinawerenga ndalama, mpaka lisiti tinatenga. Nanga bwanji kumwamba kumangotchulidwa ikafika nthawi ya katekisiti ndi amayi? Amene mumawerenga Baibulo mukudziwa kuti m'buku la Machitidwe, mutu 6, mkangano unabuka mu mpingo woyamba chifukwa amasiye ena ankaiwalidwa pa kagawidwe ka chakudya cha tsiku ndi tsiku. Atumwi sanawauze kuti apirire. Anaitanitsa msonkhano, amuna 7 anasankhidwa, ndipo nkhani ya mkati mwa sabata inapatsidwa dongosolo. Apa palibe akunena kuti katekisiti alemere ayi. Tikukamba za tayala, mayunitsi, sopo ndi nsapato.

"Nanga nyumba ya Mulungu isakongole?" Ikongole ndithu. Inenso ndimakonda kulowa m'tchalitchi chosesedwa bwino, chonunkhira lubani. Ndipo ife a ku Karonga amene tinaona zivomezi za mu Disembala 2009, makoma akung'ambika, mabanja akugona panja, sitingatsutse zomanga nyumba yolimba. Denga lodontha likonzedwe, khoma la ming'alu limangidwenso. Koma simenti ya pansi ija inalibe vuto lililonse. Tinagwadapo zaka zambirimbiri ndipo sindinamvepo kuti pemphero la munthu linabwerera chifukwa cha simenti. Mayi wanzeru sagula makatani ana ake akugona ndi njala. Chimene ndikukana ine ndi kuyamba ndi makataniwo.

"Anthu ndi osauka, ndalama kulibe." Zoona, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zafika povuta. Mafuta amasowa, akapezeka amakhala okwera mtengo. Ndikudziwanso kuti parishi ili ndi gawo limene imayenera kutumiza ku dayosizi, ndipo mawadeni amagona mutu ukuwawa kuti alikwanitse. Koma umphawi umenewu n'chifukwa chiyani umatha pa tsiku la Paper Sunday? Mlendo wolemekezeka akaitanidwa, kwaya ikuimba, mayina akutchulidwa mmodzimmodzi, anthu omwewo amavina akuponya ndalama m'beseni. Ndalama zilipo, ngakhale ndi zochepa, koma zimadziwa njira imodzi yokha. Ndipo kukwera mitengo kwa zinthuku kwapweteka kwambiri ndani? Yemwe uja amene amagula yekha chubu cha njinga imene amayendera ntchito zathu, ndi mayi uja amene amagawa sopo wake pawiri, theka la ana, theka la nsalu za pa guwa.

Palinso ena amene amati mukayamba kupereka kangachepe kwa akatekisiti, anthu ayamba kulimbirana udindo chifukwa cha ndalama, nsanje n'kulowa. Mantha amenewa ndikuwamvetsa, m'mipingomu timadziwana. Koma mankhwala a nsanje ndi kuchita zinthu poyera. Zilembedwe m'buku, ziwerengedwe pamaso pa onse, aliyense adziwe kuti nthambi yakuti ilandira mwakuti pa ntchito yakuti. Zimene tikuchita panopa nazonso zili ndi mtengo wake. Achinyamata akuona mmene akatekisiti akukalambira ndi nsapato zong'ambika, ndipo palibe amene akufuna kudzalowa m'malo mwawo. Tafunsani m'parishi mwanu kuti akatekisiti osakwana zaka 40 alipo angati. Tsiku limene bambo aja adzalephere kuyenda, nthambi ziwiri zidzatsekeka popanda wolengeza, matailosi ali phee.

Ndiye ndibwere kwa ife, ana a parishi amene tili ku Mzuzu, ku Lilongwe, ku Blantyre ndi kunja kwa dziko. Tili ndi gulu lathu la pa WhatsApp. Munthu akaponyamo chithunzi cha pulani ya geti yatsopano, timapikisana kuonetsa mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba kuti tatumiza. Tsiku lina wina analemba kuti njinga yamoto ya Abambo ikufunika kukonzedwa. Anayankha ndi anthu awiri, mmodzi mwa iwo anangoika ka emoji ka manja opemphera. Ena mwa ife timatumiza ndalama za "mbewu" kwa aneneri a pa Facebook amene sadziwa n'komwe kuti amayi athu ndi ndani. Koma amayiwo akadwala usiku sitiimbira mneneri. Timaimbira akatekisiti kuti, "Bambo, chonde tapitani mukawaone." Ndipo amapita. Ine ndachitapo zimenezi kawiri, ndipo sindinafunsepo kuti ayenda bwanji.

Zoti tichite si zovuta. Chaka chilichonse parishi imakhala ndi msonkhano wa akhristu onse, uja wa vestry, kumene timasankha mawadeni ndi kumva lipoti la chuma. Ambiri a ife timauzemba chifukwa umatalika. Ulendo uno tikakhalepo mpaka kumapeto, ndipo tikapemphe kuti mzere woyamba wa bajeti, tisanakambe za penti, ukhale wa utumiki wa mkati mwa sabata: mafuta a njinga ya ansembe, kukonzetsa njinga za akatekisiti, kangachepe ka mwezi ndi mwezi, ndi thiransipoti ya amayi opita kuchipatala. Pa Masika, mpunga usanagulitsidwe wonse, matumba ena apatulidwe kuti apite kwa amene minda yawo inatsalira chifukwa cha maliro athu. Achinyamata amene muli pamudzi, tsiku limodzi lophunzira nyimbo za kwaya lisanduke tsiku lokawokera m'munda wa akatekisiti, nyimbozo mukaimbira m'matope momwemo. Ife a m'tauni, tikamatumiza ndalama za chitukuko tizinena momveka kuti gawo lakuti ndi la anthu ogwira ntchito, ndipo tizifunsa lipoti lake monga timafunsira zithunzi za geti.

Ndisanabwerere ku tauni ndinapita kumsika wa pa boma n'kugula tayala ndi chubu. Musandiwombere m'manja. Ndalama yake sinafike ngakhale theka la imene ndinatumiza ya matailosi, komanso tayala limatha, ndipo likadzatha ine sindidzakhalapo. Nditawapatsa, akatekisiti analilandira ndi manja awiri nati, "Ndagha, mwana wanga." Kenako anandifunsa ngati ndawagulira amayi mankhwala awo atsopano a BP. Ine mwana wawo sindinkadziwa n'komwe kuti kuchipatala anawasinthira mankhwala. Iwo ankadziwa, chifukwa Lachitatu lililonse amadutsa pakhomo pathu.

Msonkhano wa vestry ukubwera. Ine ndikwera basi, ndipo ndikaimika dzanja. Inu a m'gulu lija la WhatsApp ndikudziwa kuti mwawerenga mpaka pano. Tikakumane komweko.